Za Tianthu ta Korpokkur ndi Maenje a ku Hokkaido

Kumpoto kwa dziko la Japan kuli cisumbu cacikuru, dzina lace Hokkaido, kwao kwa mtundu wa anthu ochedwa Ainu. Cinenero cao cisiyana ndithu ndi ca Ajapani, ndipo kale anakhalanso ku Sakhalin ndi ku zisumbu za Kuril. Mwa nthano zao iripo imodzi imene inatsutsanitsa anthu ophunzira zaka zoposa 20. Tiilongosola pano kuti tione umo nthano ndi mbiri zikomanira, ndi pamene zilekana.

Ainu achula tianthu ta m'nthanoyo Korpokkur. Ambiri alidula dzinali patatu: kor, ndiwo mmera wa m'mbali mwa mitsinje, wa masamba otambalala ngati ambulera, pok, ndiko kunena pansi, kur, ndiye munthu. Potero litanthauza "anthu a pansi pa masamba a kor". Koma John Batchelor, amene anafika ku Hokkaido m'caka ca 1877, nasindikiza buku la mau a Ciainu m'caka ca 1889, analimasulira mwina, nati ndiwo "okhala pansi", kapena kuti a m'maenje. Kwina awacha Toichiseunkur, anthu a nyumba zadothi. Onani kuti kamasulidwe koyamba kawayesa tianthu tating'ono tobisala kunsi kwa tsamba, koma kaciwiri kangonena za mamangidwe a nyumba zao, osachula msinkhu konse.

Nthano yace iri yotere. Ainu asanacuruke m'dzikomo munali tianthu tofulumira miyendo, todziwa kugwira nsomba, tokhala m'maenje ofoleredwa ndi masamba. Tinali taubwenzi, ndipo usiku tinkasiya nsomba ndi nyama ya nswala pa nyumba za Ainu, koma sitinafuna kuoneka ndi maso. Tsiku lina mnyamata wina analalira pa zenera. Ndipo pakulowa dzanja ndi mphatso, iye analigwira nakokera mwini wace m'nyumba. Anali mkazi wokongola, wa mphini pamanja. Abale ace anapsa mtima ndi cipongweco, nasamuka onse, osaonekanso. Ena aonjeza kuti akazi a Ainu anatengera mphini zao kwa mkaziyo.

Tsono ku Hokkaido kulidi maenje ozama pang'ono, mabwinja a nyumba zakale, ndi mapale a mbiya, ndi zipangizo zamwala. Ndipo Ainu a masiku ajawo sanaumba mbiya, koma anagula miphika yacitsulo kwa Ajapani. M'caka ca 1886 Watase Shozaburo analemba kuti maenje a pafupi ndi Sapporo anakumbidwa ndi Korpokkur. Tsuboi Shogoro anaukuza mlanduwo, nati Korpokkur anali mtundu weniweni umene unakhala m'Japan monse asanafike Ainu. Koganei Yoshikiyo, sing'anga wopima mafupa, anakana, nati eni maenjewo ndiwo makolo a Ainu omwe.

M'caka ca 1899 Torii Ryuzo, wophunzira wa Tsuboi yemweyo, anamuka ku zisumbu za Kuril za kumpoto. Anapeza kuti Ainu a kumeneko anali kukhalabe m'nyumba zokumba pansi, nakumbukira kuti makolo ao anaumba mbiya, ndipo nthano ya Korpokkur sanaidziwa. Tsuboi sanagonja, koma atamwalira ku St Petersburg m'caka ca 1913, ciphunzitso cace cinasowa wocigwiriziza. Lero ofukula zakale ati maenje ambiri ali a anthu a nyengo yochedwa Satsumon, imene inatha ngati zaka 800 zapitazo, ndipo awawerenga makolo a Ainu. Mlanduwo sunali wacabe, pakuti unakhudza funso lakuti eni dziko oyamba ndani. Ndipo m'caka ca 2019 lamulo la Japan linachula Ainu mbadwa za kumpotoko.

Mitundu yina iri nazo nthano zofanana. Ku Hawaii anena za Menehune, amisiri aafupi omanga usiku, nawapatsa ngalande yamiyala ya Kikiaola pa cisumbu ca Kauai. Ku Scotland David MacRitchie analemba m'caka ca 1890 kuti tianthu ta m'zitunda ndito cikumbutso ca mtundu wakale wokhala m'nyumba zapansi. Koma ophunzira ambiri sanabvomereza. Nafenso tiri nao Akafula, amene akuru athu awacha Amwandionerapati. Apa pasiyana pang'ono, pakuti m'dziko muno munakhaladi alenje asanafike alimi, ndipo zolemba zofiira za m'mapanga a Chongoni ziyesedwa zao. Koma za kufupika kwao ndi ukali wao nthano yaonjezapo zace.

Cifukwa cace inu aphunzitsi, pakumva nthano yotere kwa akuru, lembani poyamba dzina monga alichula, ndi maina ena onse, nimufunse tanthauzo la cigawo ciri conse. Lembani nthanoyo m'mau a mwini wace, osaikonza, pamodzi ndi mudzi umene mwaimva. Pomariza funsani cimene aloza ngati umboni, kapena phanga, kapena phale, kapena dzenje, nimupite kukaciona, monga anacita Torii.