Poizoni wa m'mankhwala azitsamba

Poizoni wa m'mankhwala azitsamba ndi mphamvu ya m'mizu, makungwa, masamba kapena njere imene imavulaza thupi m'malo molichiritsa. Kawirikawiri mphamvu yochiritsa ndi yovulaza imakhala imodzi yomweyo. Chimene chimasiyanitsa ndi mlingo, mtundu weniweni wa chomeracho, ndi thupi la womwayo.

Mankhwala ambiri a kuchipatala anachokeranso ku zomera: kwinini ku makungwa a mtengo wa cinchona, ndipo mbali imodzi ya LA wa malungo ku chomera cha Artemisia annua. Koma piritsi lili ndi mlingo wodziwika, pamene muzu wonyikidwa m'botolo mphamvu yake imasintha malinga ndi dothi, nyengo imene unakumbidwa, ndi masiku amene wakhala m'madzi.

Zomera zovulaza msanga

Makolo ankadziwa bwino kuti mitengo ina imapha. Makungwa a mwavi, Erythrophleum suaveolens, amasokoneza kagundidwe ka mtima. Womwa akasanza ankapulumuka chifukwa poizoniyo watuluka asanalowerere m'magazi. Lamulo la mu 1911 linaletsa kumwetsa mwavi ku Nyasaland. Njere za nsatsi zili ndi poizoni wotchedwa ricin, woopsa kwa mwana amene wazitafuna. Ku KwaZulu-Natal, muzu wa impila, Callilepis laureola, wapha anthu, makamaka ana, potsitsa shuga m'magazi ndi kuwononga chiwindi ndi impso. Ku Malawi, azamba a m'zipatala amachenjeza za mwanamphepo, amene amayi ena oyembekezera amamwa kuti matenda ayambe msanga: chiberekero chikakoka mopyola muyezo, mwana amabanika ndipo chiberekerocho chitha kung'ambika.

Poizoni wobisala: nkhani ya ku Brussels

Choopsa kwambiri ndi poizoni wosamveka kuwawa tsiku limene wamwedwa. Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1990, amayi amene ankapita ku chipatala china chochepetsa thupi mumzinda wa Brussels ku Belgium anapatsidwa makapisozi okhala ndi zitsamba zochokera ku China. Muzu woyenera kuikidwamo unali Stephania tetrandra, koma munalowa Aristolochia fangchi. M'Chitchaina mayina a mizu iwiriyi ndi ofanana: han fang ji ndi guang fang ji. Ikauma n'kuperedwa, diso silingaisiyanitse.

Mu 1993 dokotala Jean-Louis Vanherweghem ndi anzake anafalitsa m'magazini ya The Lancet za amayi achichepere amene impso zawo zinkauma popanda chifukwa chooneka. Odwala anapitirira 100, ndipo ambiri anafika pofuna makina osefa magazi kapena impso ya munthu wina. Mu 2000 kunadziwikanso kuti mwa odwala 39 amene anachotsedwa impso zakufazo, 18 anali ndi khansa ya m'njira ya mkodzo. Asidi wina wa mu Aristolochia amamatirira ku DNA ya m'maselo ndipo amakhalamo zaka zambiri munthu atasiya kumwa.

Nkhaniyi inathandiza kumasula chinsinsi china chakale. M'midzi ya m'mbali mwa mitsinje yothira mu Danube, ku Bosnia, Bulgaria, Croatia, Romania ndi Serbia, alimi ankadwala impso mibadwomibadwo. Chomera cha Aristolochia clematitis chimamera m'minda ya tirigu kumeneko, ndipo poizoni wake ankalowa mu ufa wa buledi. Mu 2001 bungwe la FDA ku America linachenjeza anthu za zitsamba za mtundu wa Aristolochia, ndipo mu 2002 bungwe lofufuza za khansa la IARC linaziika m'gulu la zinthu zotsimikizika kuti zimayambitsa khansa.

Kuphatikiza ndi mankhwala a kuchipatala

Chitsamba chitha kuvulaza ngakhale chilibe poizoni pachokha. Chitsamba cha St John's wort chimachititsa chiwindi kuphwanya mankhwala ena mofulumira, kotero ma ARV ena ndi mapiritsi olerera amachepa mphamvu m'magazi. Bungwe la WHO silivomereza tiyi wa Artemisia pochiza malungo, chifukwa mlingo wake sudziwika ndipo ukaperewera tizilombo timapulumuka n'kuyamba kupima mankhwala.

Kudziteteza

Amene ali pachiopsezo chachikulu ndi amayi oyembekezera, makanda, okalamba, odwala impso kapena chiwindi, ndi omwa mankhwala a tsiku ndi tsiku. Ufa kapena madzi a m'botolo losalembedwa ndi ovuta kuwadziwa kuposa muzu umene sing'anga wodziwa ntchito wakumba yekha. Zizindikiro zofunika kuthamangira nazo kuchipatala ndi maso achikasu, mkodzo wochepa kapena wakuda, kutupa mapazi ndi nkhope, kusanza kosaleka, ndi kubalalika mutu.

Wodwalayo apite ndi botolo, muzu kapena masamba otsala, ndipo anene poyera zimene wamwa, kuchuluka kwake ndi tsiku limene anayamba. Ambiri amabisa poopa kukalipiridwa, ndipo dokotala amataya nthawi kufunafuna nthenda kwina. Ku Brussels gwero la vuto linapezeka chifukwa madokotala anafunsa amayiwo zimene ankamwa, ndipo mayankho awo analoza malo amodzi.