Guwa Linagwa, Utumiki Unapitirira

Ambiri a ife timadziwa chipembedzo cha Ayuda kudzera m'Baibulo, motero tikachiganizira timaona ansembe, nkhosa zophedwa ndi utsi ukukwera pa guwa. Zinalidi choncho mpaka chaka cha 70, pamene asilikali a Roma motsogozedwa ndi Titus anatentha Kachisi wa ku Yerusalemu. Kuyambira pamenepo Ayuda alibe poperekera nsembe, popeza chilamulo chawo sichilola kuiphera paliponse. Komatu munthu akalowa m'sunagoge lero, kapena akakhala pa chakudya cha Lachisanu madzulo m'banja lachiyuda, amamvabe mawu a m'Kachisi uja. Ine ndikuti mawuwa sanasungidwe ngati chikumbutso chabe. Aphunzitsi a chilamulo, otchedwa arabi, anawachotsa m'manja mwa ansembe n'kuwapereka kwa munthu wamba, ndipo n'zimene zinachititsa kuti chipembedzochi chisafere limodzi ndi nyumba yake.

Ntchito ya ansembe pa guwa inkatchedwa avodah, utumiki. Arabi amene anasonkhana ku Yavneh Kachisi atagwa, poyamba pansi pa Yohanan ben Zakkai kenako Gamliel wachiwiri, anakhazikitsa pemphero m'malo mwa utumikiwo, ndipo Talmud, mabuku a ziphunzitso za arabi, imalitcha utumiki wa mumtima. Sanangobwereka dzina lokha, anatenganso nthawi zake. M'Kachisi munkaphedwa ana a nkhosa awiri tsiku lililonse, m'mawa ndi chakumadzulo, nsembe yosalekeza yotchedwa tamid. Lero pali Shacharit m'mawa ndi Mincha masana atapendeka, ndipo Mincha linali dzina la nsembe ya ufa. Pemphero la usiku, Maariv, limafanizidwa ndi mafuta ndi ziwalo zimene zinkanyeka pa guwa usiku wonse. Pa Sabata ndi pa zikondwerero ansembe ankawonjezera nsembe ina, choncho pamasiku amenewa pali pemphero lowonjezera, Musaf. Pachimake pa onsewa pali Amidah, limene munthu amalinena ataimirira, mapazi pamodzi, nkhope italoza ku Yerusalemu. Pa Yom Kippur, Tsiku la Chitetezero, mpingo umafotokoza mwatsatanetsatane mmene mkulu wa ansembe ankalowera m'Malo Opatulikitsa kamodzi pa chaka, ndipo akafika poti watchula dzina la Mulungu, anthu amagwada mpaka nkhope pansi monga ankachitira a m'bwalo la Kachisi. Zimene ankachita munthu mmodzi kuseri kwa nsalu yotchinga, lero mpingo wonse umaziyenda ndi pakamwa.

Tsono utumikiwu amauchita ndani? Apa m'pamene pali liwu lakuti minyan, anthu khumi amene afika msinkhu wosenza malamulo, umene kwa mnyamata ndi zaka 13. Popanda khumiwo mpukutu wa chilamulo, Torah, suwerengedwa pagulu, ndipo ofedwa sanganene pemphero la Kaddish. Rabi akasowa, pemphero limachitikabe, chifukwa aliyense wodziwa akhoza kutsogolera ngati mthenga wa mpingo. Koma arabi asanu ndi anayi, ngakhale ophunzira chotani, ayenera kudikira munthu wachikhumi, kaya ndi wosoka nsapato. A m'banja la Aroni, akohen, alipobe. Amaitanidwa poyamba powerenga Torah ndipo amadalitsa mpingo, koma pemphero siliima chifukwa iwo palibe.

Kusamukaku kunafika mpaka kukhitchini. Arabi anaphunzitsa kuti tebulo la munthu latenga malo a guwa. N'chifukwa chake asanadye buledi amasamba m'manja mothira madzi ndi chikho, monga ansembe ankasambira, ndipo bulediyo amamuthira mchere chifukwa nsembe iliyonse inkathiridwa mchere. Buledi woluka wa pa Sabata amatchedwa challah, dzina la gawo la mtanda limene kale linkapatsidwa kwa wansembe. Lero wokanda ufa amatapa kachidutswa n'kukatentha. Pa mgonero wa Paska, Seder, pambale pamakhala fupa lowotcha limene silidyedwa, kuimira mwana wa nkhosa amene sangaphedwenso. Zili ngati anthu osamuka pa bwinja atanyamula chikuni cha moto: nyumba zakale zatsala, koma moto umene akuphikira kumalo atsopano ndi womwe uja.

Wina angatsutse kuti masunagoge analipo Kachisi asanagwe, ndipo akunena zoona. Uthenga Wabwino umasonyeza Yesu akuwerenga m'sunagoge ku Nazarete, ndipo ofukula zakale anapeza nyumba zotere ku Gamla ndi ku Masada. Talmud yomwe imasunga maganizo awiri, ena akuti mapemphero atatu aja anayamba ndi Abrahamu, Isake ndi Yakobo, ena akuti amatsatira nsembe. Koma sunagoge wa nthawi imeneyo anali makamaka nyumba yowerengera ndi kuphunzira chilamulo, pamene chikhululukiro chinkafunidwa pa guwa. Chatsopano pambuyo pa 70 chinali chakuti kulapa, pemphero ndi kuthandiza osauka zinasenza katundu amene nsembe inkasenza.

Kutsutsa kolemera kwambiri ndi kumene ambiri tinakula nako: kuti ichi ndi chipembedzo cha malamulo ouma, cha Afarisi. N'zoona kuti malamulo ndi ambiri. Mwambo umawerenga mitzvot 613 mu Torah, ndipo Mishnah, yomwe Yehuda HaNasi anaisonkhanitsa cha m'ma 200, imatchula mitundu 39 ya ntchito zoletsedwa pa Sabata, monga kulima, kufesa, kupera, kuluka, kulemba ndi kukoleza moto. Koma taonani gwero la mndandandawu: arabi anautenga pa ntchito zomangira Chihema m'chipululu. Munthu amaleka pa tsikuli ntchito zomwe zinamanga malo opatulika, ndipo tsikulo limakhala lopatulika kulikonse kumene ali, ku Baghdad kapena ku Vilna, kopanda adani otha kuligumula. Ngati munthu wamba wapatsidwa ntchito ya wansembe, ayenera kuidziwa bwino ngati wansembe, n'chifukwa chake halakha, njira yoyendamo, imalowa m'zinthu zazing'ono chonchi. Ndipo m'njira yomweyo muli kavanah, kuika mtima pa zimene ukunena, imene arabi amaifuna makamaka pa chiyambi cha pemphero la Shema ndi cha Amidah. Mulinso pikuach nefesh, lamulo loti moyo wa munthu ukakhala pangozi Sabata liswedwe mosazengereza. Amene amaona kuchuluka kwa malamulo koma osaona ziwirizi waona mbali imodzi yokha.

Chotsala n'chakuti Ayuda eni ake sagwirizana ngati makonzedwe amenewa ndi ongoyembekezera kapena okhalitsa. A Orthodox amapemphabe tsiku ndi tsiku kuti utumiki ubwerere ku Yerusalemu, amasala kudya pa Tisha B'Av polira Kachisi, ndipo amaphunzira Kodashim, gawo lathunthu la Mishnah lonena za nsembe, lolembedwa patatha zaka zoposa 100 guwa litazima. A Reform, amene anatsegula nyumba yawo yopemphereramo ku Hamburg mu 1818 n'kuitcha kachisi, anayamba kuchotsa mapemphero opempha kuti nsembe zibwerere. A Conservative ku America analola mu 1973 kuti amayi aziwerengedwa m'minyan, zimene a Orthodox sachita. Kusiyanaku n'kwakukulu, ndipo sindikukuchepetsa. Komabe kumatsimikizira mfundo yanga, chifukwa mkangano wa amene angawerengedwe pakati pa anthu khumi ukanakhala wopanda ntchito ngati utumiki ukanakhalabe wa ana a Aroni okha.