MAU AMENE ANATHAŴIRA KUNJA

Pa Malembo Oyera timamva za mneneri Amosi, mbusa wa ku Tekowa, amene Mulungu anamtuma kukalalika ku Betele. Wansembe wa pamalopo, dzina lake Amaziya, anakamneneza kwa mfumu kuti akuukira dziko, ndipo anamlamula kuti achoke, apite ku Yuda, akanenere kumeneko, popeza Betele anali malo opatulika a mfumu. Amaziya sanatsutse kuti mneneriyo akunama ayi. Chimene anakana ndi chakuti mau otere amveke pakhomo. Lero tifuna kukumbutsana kuti zomwezi zinachitika m'dziko lathu lino, ndipo ambiri mwa ife tinaziona ndi maso.

Malaŵi analandira ufulu wodzilamulira pa 6 Julaye 1964. Pasanathe miyezi itatu, nduna zinasemphana maganizo ndi Dr Kamuzu Banda, ndipo ena mwa iwo, monga Kanyama Chiume, Orton Chirwa ndi Yatuta Chisiza, anathaŵira ku maiko oyandikana nafe. M'chaka cha 1966 dziko linakhala la chipani chimodzi, mu 1968 munakhazikitsidwa bungwe loyang'ana mabuku, nyimbo ndi mafilimu asanafike kwa anthu, ndipo mu 1971 Dr Banda anakhala Pulezidenti wamuyaya. Wailesi inali imodzi yokha, ya MBC. Manyuzipepala aŵiri akuluakulu analinso m'manja mwa olamulira. Mu 1973 lamulo linakhwimitsidwa, kotero kuti munthu wotumiza kunja nkhani imene boma lati ndi yabodza ndi yoipitsa mbiri ya dziko akanatha kukhala m'ndende moyo wake wonse. Chifukwa chimene chinali kuperekedwa chinali chimodzi nthaŵi zonse: chitetezo cha dziko.

Tsono nkhani zimene sizinkaloledwa pakhomo zinayamba kutulukira kunja. Othaŵa kwao amene anali ku Lusaka, ku Dar es Salaam ndi ku London ankalemba timapepala, ankapereka nkhani kwa atolankhani a maiko ena ndi ku bungwe la Amnesty International, ndipo nkhanizo zinkabwerera kwa ife usiku kudzera pa wailesi ya BBC. Akuluakulu akukumbukira m'mene bambo ankatsekera chitseko, kuchepetsa mau a wailesi, ndi kuika khutu pafupi, ana atawauza kuti akagone. Kutacha munthu ankapita ku ntchito ngati sanamve kanthu, pakuti sankadziŵa amene wakhala naye pafupi m'basi.

Chitsanzo chachikulu ndi cha mwezi wa Meyi 1983. Nduna zitatu, a Dick Matenje, a Aaron Gadama ndi a Twaibu Sangala, pamodzi ndi phungu wa Nyumba ya Malamulo a David Chiwanga, anasoŵa. Dziko linauzidwa kuti anafa pa ngozi ya galimoto ku Mwanza. Kunja kokha ndi kumene kunalembedwa poyera kuti anthuŵa anachita kuphedwa. Kuno kwathu akazi awo ndi ana awo anakhala zaka khumi ndi chimodzi akudziŵa mumtima zimene pakamwa sipakanatha kunena. Koma akuluakulu anati mlandu suola. Boma litasintha mu 1994, bungwe lofufuza lotsogozedwa ndi woweruza Michael Mtegha linapeza kuti anayiwo anaphedwa ndi apolisi, ndipo galimoto inakankhidwira kuphompho kuti ioneke ngati ngozi. Dr Banda ndi anzake anazengedwa mlandu, ndipo bwalo linawapeza osalakwa mu Disembala 1995. Koma bodza la ngozi linathera pomwepo.

Tisaganize kuti amene ankalankhula ali kunja anali pa mtendere. A Attati Mpakati, mtsogoleri wa gulu la LESOMA, anavulazidwa manja ndi bomba la m'kalata ku Maputo mu 1979, ndipo anaphedwa ku Harare mu 1983. A Orton Chirwa ndi mai Vera Chirwa anagwidwa mu Disembala 1981 ndi kuweruzidwa kuti aphedwe. Chilangocho chinasinthidwa, koma bamboyo anafera m'ndende ya Zomba mu Okutobala 1992. Mtolankhani Mkwapatira Mhango, amene ankalemba za Malaŵi ali ku Lusaka, anafa mu Okutobala 1989 pamodzi ndi a m'banja lake, ana omwe, nyumba yawo itaponyeredwa moto usiku. Ana amenewo sanalembepo nkhani ngakhale imodzi.

Komabe, abale athu, tiyenera kunena chinthu china moona mtima. Mau ochokera kunja ankatidziŵitsa, koma sankatimasula. Boma linkangoti ameneŵa ndi zigaŵenga, anthu a nsanje odyetsedwa ndi alendo, ndipo ambiri ankakhulupirira. Ndiponso munthu wolemba ali kutali saona zonse; amadalira zomva, nthaŵi zina mphekesera imaloŵa pakati pa zoona, ndipo omvera analibe njira yosiyanitsira. Aliyense ankamva yekha m'chipinda mwake, namaganiza kuti mnansi wake sakudziŵa kanthu. Tinali anthu odziŵa zambiri, koma aliyense payekha.

Zinthu zinatembenuka pa 8 Malichi 1992, Lamulungu loyamba la Lenti. Tsiku limenelo kalata ya Aepiskopi athu inaŵerengedwa m'matchalitchi a Katolika m'dziko lonse, m'zilankhulo zathu. Inasindikizidwa konkuno, ku Balaka, ndipo inali ndi maina a eni ake, kuyambira Ambuye James Chiona a ku Blantyre. Inanena za malipiro ochepa a antchito, za mavuto a m'sukulu ndi m'zipatala, za anthu otsekeredwa osazengedwa mlandu, ndi za mantha amene ankatseka anthu pakamwa. Zambiri mwa izi zinali zitanenedwa kale kunja. Chatsopano chinali chakuti zinanenedwa masana, pa guwa, munthu atakhala pambali pa mnansi wake, ndipo aliyense anaona kuti mnzake wamvanso. M'malo ambiri, kumene kunalibe wansembe, amene anaimirira ndi pepala m'manja anali mkatekisiti kapena mkulu wa mpingo, munthu wa banja, wodziŵika ndi apolisi a kwao.

Boma linati kalatayo ndi youkira, ndipo kupezeka nayo kunakhala mlandu. Aepiskopi anaitanidwa ku polisi, nyumba yosindikizira ya ku Balaka inatenthedwa, ndipo Monsinyo John Roche a ku Mzuzu anathamangitsidwa m'dziko mwezi wa Epulo. Apa ndi pamene akunja anathandiza kwambiri. Mau a msonkhano wa chipani umene unawopseza moyo wa Aepiskopi anajambulidwa, natuluka m'dziko, namveka pa wailesi zakunja, ndipo maso a dziko lonse lapansi anatembenukira kuno. Zinatikumbutsa mfumu Yehoyakimu, imene inadula ndi kutentha mpukutu wa mneneri Yeremiya, koma Baruki analemba wina. Pa 6 Epulo a Chakufwa Chihana anabwerera kuchokera kunja namangidwa pa bwalo la ndege ku Lilongwe. Pa 14 Juni 1993 anthu oposa 60 mwa 100 alionse ovota anasankha zipani zambiri, ndipo chisankho chinachitika pa 17 Meyi 1994.

Mbiri imeneyi itiphunzitsa kuti amene analankhula ali kunja anasunga moto kuti usazime, ndipo tiyenera kuwakumbukira m'mapemphero athu; koma moto unawotha anthu pamene unasonkhedwa pakhomo. Dziko lililonse lili ndi zinsinsi zoyenera kusungidwa, ndipo Mpingo sukana zimenezo. Koma pamene mau akuti chitetezo agwiritsidwa ntchito kuphimba imfa ya munthu, chimene chikutetezedwa si dziko ayi.

Lero malamulo a dziko lathu amalola ufulu wolankhula ndi wosindikiza, ndipo nkhani zochokera kunja zimafika pa foni mkati mwa mphindi imodzi. Inu makolo ndi akatekisiti, ntchito yanu yasanduka iŵiri. Musamapitirize nkhani iliyonse chifukwa chakuti yachokera kutali kapena yatchedwa chinsinsi. Funsani amene wainena, ndi ngati ali wokonzeka kuikapo dzina lake, pakuti lamulo lachisanu ndi chitatu limatimanga ifenso. Ndipo mukaona choipa pamudzi, pa sukulu kapena mu Mpingo momwe, chineneni pa mphakati ndi pa bwalo, mwaulemu ndi mosabisa, kuti mwana wanu asadzachite kuthaŵira ku dziko la eni kuti akachinene.

Ambuye Yezu, amene munaima pamaso pa Pilato kuchitira umboni choona, landirani mizimu ya abale athu amene anafera kutali ndi kwao, tonthozani mabanja awo, ndipo tipatseni ife mtima wolimba ndi lilime losanama. Amen.