Anagwidwa ndi yani?

Pabwalo la amfumu, munthu akanena kuti uje anagwidwa ndi mkazi wa mwini, mafunso amamugwera nthawi yomweyo: anamugwira ndani, anamugwirira kuti, nanga mboni ili kuti? Mneni "kugwira" ndi wolemera, amafuna maso ndi manja. Koma nkhani ikachokera pa intaneti, olemba ndi oulutsa mawu timamupeputsa mneniyu mopanda manyazi.

Tengani nkhani ya Ashley Madison, tsamba la kampani imene inkatchedwa Avid Life Media ya ku Toronto, m'dziko la Canada, lomwe linkakopa anthu apabanja ofuna zibwenzi zamseri. Mu Julayi 2015, gulu lodzitcha Impact Team linalengeza kuti lalowa mwakuba m'makompyuta a kampaniyo, ndipo mu Ogasiti linamwaza mayina ndi maadiresi a imelo a anthu oposa 30 miliyoni. Pofotokoza zotere m'Chichewa, lilime limathamangira kunena kuti "agwidwa", "ayaluka", "chinsinsi chaululika". Mawu atatu onsewa amanama.

Kampaniyo sinkatsimikizira kuti wolembetsa ndiye mwini wake wa imelo. Aliyense akanatha kulembetsa ndi adiresi ya mnzake wa kuntchito, kaya mwanthabwala, kaya mwanjiru. Zinadziwikanso kuti ambiri mwa "akazi" amene ankacheza ndi amunawo anali mapulogalamu a kompyuta chabe. Tsono bambo amene ankafunsira makina usiku wonse tinene kuti wagwidwa ndi yani? Chichewa cholondola n'chakuti dzina lake lapezeka pa mndandanda. Chiganizo chimenechi n'chosakoma pa mutu wa nkhani, koma choona chimathera pomwepo.

Vuto lalikulu lili pa timichira ta aneni. Mwana akaswa mbale amati "yasweka", chifukwa akudziwa kuti "yaswedwa" iitana funso lakuti "ndi yani?" Mchira wa -ika kapena -eka umabisa wochita, pamene -idwa kapena -edwa umamusiyira malo. Sitinganene kuti "chinsinsi chaululika ndi mbava". Chiganizocho chimakana chokha. Choncho wolemba akasankha "chaululika", wachotsa mbavazo m'nkhani, ndipo maso onse amagwera amene aberedwa. N'chimodzimodzi ndi "ayaluka". Kuyaluka n'kudzivula ulemu wekha anthu akuona. Anthu aja anayalutsidwa, ndipo owayalutsa analipo: akuba, otumiza mndandandawo kwa anzawo, ndi wailesi ina ya ku Australia imene inauza mayi wina, omvera onse akumva, kuti imelo ya mwamuna wake ili pomwepo.

Malamulo sanasokoneze aneni ngati ife. Kampaniyo inkalipiritsa madola 19 kuti ifufutiretu zonse za munthu, koma zina sizinafufutidwe. Mu Disembala 2016 inavomera kulipira madola 1.6 miliyoni pa mlandu umene bungwe la boma la America la Federal Trade Commission linaitsegulira pamodzi ndi maboma a zigawo, ndipo mu 2017 inavomera kupereka madola 11.2 miliyoni kwa anthu amene anaisumira. Ndiye kuti pamaso pa lamulo, eni mayina aja anali odandaula. Akubawo, amene mneni "kugwidwa" akanawayenera, sanamangidwe, ngakhale kampaniyo inalonjeza madola a ku Canada 500,000 kwa wowaulula.

Sindikuikira kumbuyo chigololo. Amene anazembera mkazi kapena mwamuna wake ali ndi mlandu kunyumba, kwa ankhoswe, mwinanso kutchalitchi, ndipo kumeneko mboni zimafunsidwa. Koma dzina likaipa silichapika. Ambiri analandira makalata owaopseza kuti alipire, apo ayi abale awo auzidwa, ndipo pa 24 Ogasiti 2015 apolisi a ku Toronto ananena kuti alandira malipoti a anthu awiri odzipha amene ankaganiziridwa kuti anachita zimenezo chifukwa cha nkhaniyi.

Kwathu kuno zithunzi za mauthenga a eni zimayenda pa WhatsApp tsiku ndi tsiku, pamene Gawo 21 la malamulo aakulu a dziko la Malawi limateteza zinsinsi za munthu, kuphatikizapo mauthenga ake. Akonzi a nkhani, mtolankhani akakubweretserani "wagwidwa", mufunseni amene anagwira. Akasowa yankho, alembe kuti "dzina lapezeka" kapena "uthenga wabedwa".