Majini ndi Kufalikira kwa Khansa ya M'kamwa

Khansa ya m'kamwa imayambira kwambiri m'maselo opyapyala amene amakuta lilime, nkhama ndi mkati mwa masaya, ndipo pa odwala 10 aliwonse, pafupifupi 9 khansa yawo imakhala ya mtundu umenewu. Fodya, mowa ndi mtedza wa areca, umene anthu ambiri ku India amatafuna, zimawononga majini a maselowa, makamaka TP53. Komabe kuwonongeka kwa jini pakokha sikufotokoza chifukwa chimene chotupa china chimakhala pamalo amodzi pomwe china chimakafika m'anabere a m'khosi. Chikafika kumeneko, mwayi woti wodwala apulumuke umatsika pafupifupi ndi theka.

Umboni wochuluka ukuloza kwina: ku funso lakuti ndi majini ati amene akugwira ntchito m'selo, ndipo ndi ati amene atontholetsedwa. Maselo abwinobwino amagwirana ndi puloteni yotchedwa E-cadherin, monga njerwa zomatidwa ndi simenti. Mapuloteni ena, monga Snail, Slug ndi Twist, akachuluka amatseka jini yopanga E-cadherin, ndipo selo limamasuka, n'kuyamba kutulutsa MMP-2 ndi MMP-9, zimene zimasungunula kachikopa kolekanitsa maselowo ndi mnofu wapansi. Mu 2017, Sidharth Puram ndi anzake ku Boston anayeza maselo pafupifupi 6,000, limodzilimodzi, ochokera kwa odwala 18. Anapeza kuti maselo osinthika chonchi amaunjikana m'mphepete mwa chotupa, kumene chikulowerera mnofu wabwino, ndiponso kuti zotupa zokhala ndi maselo otere ambiri ndi zimene zimakonda kufika m'khosi.

Otsutsa alipo, ndipo sakulankhula zopanda mutu. Mu 2015 magazini ya Nature inafalitsa kafukufuku wa pa mbewa wosonyeza kuti khansa ya kapamba inkafalikirabe ngakhale atachotsa Snail kapena Twist. Koma mbewa si munthu, kapambanso si lilime, ndipo kuchotsa jini imodzi sikuletsa anzake kugwira ntchito yomweyo. Chinanso, maselo amene Puram anawona anali osinthika pang'ono chabe, osataya chikhalidwe chawo chakale chonse, moti woyeza amene akufuna selo losinthiratu akhoza kuwaphonya.

Kuchipatala, nzeru zimenezi sizinalowe m'malo mwa mpeni. Kafukufuku wa ku Tata Memorial ku Mumbai, wa mu 2015 womwewo, anapeza kuti kuchotseratu anabere a m'khosi pa opaleshoni yoyamba, ngakhale asanaoneke otupa, kunakweza chiwerengero cha okhala moyo zaka 3 kuchoka pa 67.5 kufika pa 80 peresenti. Dokotala amawachotsa mwa ambiri chifukwa kuyeza majini kumene kungamuuze molondola wodwala amene khansa yake yasamuka kale sikunafike pogwiritsidwa ntchito tsiku ndi tsiku.