Ulendo wa ku Mbala: kumene nkhondo yoyamba inathela

Ku sukulu tinaphunzila kuti nkhondo yoyamba ya dziko lonse inatha pa 11 November 1918. Tsikuli n'loona ngati tikamba za ku Ulaya. Koma kuno kwathu mfuti zinapitiliza kulila kwa masiku ena atatu, ndipo gulu lothela la asilikali a Germany linatula zida pa 25 November 1918 m'tauni ya Abercorn, imene lelo timaicha Mbala. Ine na msuweni wanga tinaganiza zopita kukadzionela tekha malo amenewa. Tinakonza motoka yake yaing'ono, tinagula tayala ina ya sipeya, n'kunyamuka mu Lusaka kukali mdima. Kucoka mu Lusaka kukafika ku Mbala ni mtunda wa makilomita opitilila pang'ono 1,000, ndipo ngati simufuna kufika muli otopelatu, patulani masiku awili opita cabe.

Zikumbutso za nkhondo zimayambila mu Lusaka momwemo, kungoti tinazolowela kuzipitilila. Mu Independence Avenue muli cipilala cimene akuluakulu a boma amaikapo maluwa mwezi wa November caka ciliconse. Maina monga Burma Road na Arakan Barracks anacokela ku nkhondo yaciwili, pamene asilikali a kuno anatumizidwa kukamenyana na Japan ku Burma. Mukafika ku Kabwe mupezanso Chindwin Barracks, dzina la mtsinje wa ku Burma komweko. Koma ulendo wathu unali wotsatila nkhondo yoyamba, ndipo Kabwe ni poyambila pabwino pa nkhani imeneyo.

Mu 1914 Kabwe inali kuchedwa Broken Hill. Dziko linali m'manja mwa kampani ya British South Africa Company, ndipo kumpoto linacita malile na German East Africa, imene mbali yake yaikulu lelo ni Tanzania. Nkhondo itabuka ku Ulaya, malile amenewo anasanduka malo omenyelapo. Ajelemani anaukila Abercorn mu September 1914, ndipo mu 1915 anazinga kampu ya Saisi. Vuto la Angelezi linali lakuti njanji inali kudutsa ku Broken Hill na ku Ndola, kutali kwambili na kumene asilikali anali. Ng'ombe na abulu zinali kufa na kashembe. Conco ufa, mpunga, zipolopolo, mankhwala na matenti zinafunika kuyenda pamitu ya anthu.

Anthu amenewa ndiwo amtengatenga. Boma linali kulamula mafumu kuti apeleke amuna, ndipo amesinjala anali kuyenda mudzi na mudzi kuwasonkhanitsa. Ena anapita okha kuti apeze ndalama za msonkho, koma ambili anacita kuwakakamiza. Anatengedwa pakati pa Abemba, Abisa, Alala, Amambwe na Alungu, komanso kum'mawa ku Fort Jameson, imene ni Chipata ya lelo. Conco ngati kwanu ni kum'mawa, musaganize kuti iyi ni nkhani ya anthu a kumpoto okha.

Tili pakati pa Kapiri Mposhi na Serenje, tinayamba kuwelengetsela. Mtolo wa mtengatenga unali kulemela makilogilamu pafupifupi 27, ndipo iye anali kuyenda makilomita pafupifupi 24 pa tsiku. Pa liwilo limenelo, mtunda umene motoka yathu inadya m'maola atatu unali kum'tengela masiku oposa 8. Ndipo munthu wonyamula katundu afunika kudya. Ngati adya kilogilamu imodzi ya ufa pa tsiku, ndiye kuti asanathe mwezi amakhala atadya ufa wolingana na mtolo wake wonse, koma ku malile akalibe kufika. N'cifukwa cake panafunika anthu ena onyamula cakudya ca onyamula anzawo, ndipo msilikali mmodzi wa ku malile anali kudalila mzele wautali wa anthu kumbuyo kwake. Cakudya cikacepa, mtengatenga ndiye anali woyamba kugona na njala. Ambili amene anafa sanaphedwe na cipolopolo. Anafa na kamwazi, malungo, cibayo na kutopa.

Mseu wa pakati pa Serenje na Mpika ni wokongola, olo kuti mathilaki opita ku Nakonde sakupatsani mpata wogona tulo. Mbali zonse ziwili kuli nkhalango ya mitengo ya miombo, ndipo apa na apo mumaona madambo otambalala na mapili a Muchinga capatali. M'mbali mwa mseu azimayi amagulitsa mbatata, uci, bowa na finkubala malinga na nyengo. Pafupi na Kanona pali njila yopatukila ku mathithi a Kundalila, ndipo tinakapumulako ola limodzi. Kumadzulo kwa mseu umenewu kuli madambo aakulu a Bangweulu, amene nawonso analowa m'nkhondo. Poona kuti njila ya pansi ikutha anthu, boma linatsegula njila ya pamadzi: katundu anali kucoka ku Ndola kupita ku mtsinje wa Luapula, ndiyeno opalasa mabwato anali kum'pititsa m'madambo mpaka kufupi na Kasama. Asodzi ambili anasiya maukonde awo n'kukhala opalasa a boma.

Tinagona ku Mpika. M'mawa tinasiya mseu wa ku Nakonde n'kutenga wa ku Kasama, ndipo tisanafike pakati pa tsiku tinali pa ulalo wa Chambeshi. Mukangowoloka, kumpoto kwa ulalo, pali cikumbutso cimene anthu ambili amangopitilila ali m'basi. Ni cipilala ca miyala cokhala na cikwangwani cacitsulo, ndipo pambali pake pali mfuti yaikulu yakale ya mawilo. Anacitsegulila pa 14 November 1953, patapita zaka 35 kucokela pa tsiku limene cimakumbutsa.

Zimene zinacitika pano zinayambila kutali. Mtsogoleli wa asilikali a Germany, Paul von Lettow-Vorbeck, anadziwa kuti sangapambane. Colinga cake cinali cotangwanitsa adani ake kuti asatumize asilikali awo ku Ulaya. Mu November 1917 anawoloka mtsinje wa Rovuma n'kulowa mu Mozambique, anabwelela ku German East Africa mu September 1918, ndipo kuciyambi kwa November analowa m'dziko lino ca ku Fife, kufupi na Nakonde ya lelo. Gulu lake linali kukhalila kulanda: nkhokwe za m'midzi, ziweto, mankhwala a pa mishoni. Azungu a ku Kasama anathawa, ndipo Ajelemani analowa m'tauniyo. Kucoka pamenepo analunjika ku Chambeshi, kumene kunali fakitale ya mphila na katundu wambili wa nkhondo. Panthawiyo ku Ulaya anthu anali atayamba kale kuvina m'miseu. Pa 13 November Ajelemani anagwila msilikali wa Angelezi wa pa njinga yamoto amene anali na uthenga wakuti nkhondo yaima. Tsiku lotsatila, Hector Croad, mkulu wa boma wa ku Kasama, anakumana na von Lettow-Vorbeck m'mbali mwa mtsinje uno, ndipo kuwombelana kunalekeka.

Tinawelenga cikwangwanico kawili. Cimachula mtsogoleli wa Ajelemani na mkulu wa boma wa Angelezi. Koma pa gulu limene linafika ku Abercorn, azungu anali 155 cabe. Asilikali aciafilika, amene anali kuwacha askari, anali 1,168, ndipo onyamula katundu na ena otsatila gululo, kuphatikizapo akazi na ana, anali ambili kuposa asilikaliwo. Ku mbali ya Angelezi zinali cimodzimodzi: a King's African Rifles na a Northern Rhodesia Police anali anthu akuda otsogoleledwa na azungu ocepa. Pa mtsinje uno, anthu a mu Africa ndiwo anali kuwombelana, pa mkangano umene unayambila ku Sarajevo.

Ulalo wa Chambeshi unaonanso nkhondo ina. Mu October 1979 asilikali a Rhodesia anaphulitsa ulalo wa mseu na wa njanji ya TAZARA pa mtsinje umenewu, n'colinga cotsekela Zambia njila ya ku Dar es Salaam cifukwa cosunga omenyela ufulu a Zimbabwe. Makolo athu ambili amakumbukila zaka zimenezo, conco mukabwelako mukawafunse.

Ku Kasama tinadya nsima n'kuthila mafuta. Amene ali na nthawi angapite ku mathithi a Chishimba kapena kukaona zojambula zakale za pa miyala ya Mwela. Ife tinapitiliza makilomita ena pafupifupi 165 kupita ku Mbala. Uwu ndiwo mtunda umene gulu la von Lettow-Vorbeck linayenda pansi atalilamula kuti likatule zida ku Abercorn. Mseu umakwela pang'onopang'ono, mphepo imayamba kuzizila, ndipo minda ya nyemba imaonekela mbali zonse.

Mbala ni tauni yabata, ya nyumba zakale za njelwa zofiila. Pano, pa 25 November 1918, von Lettow-Vorbeck anapeleka gulu lake kwa General Edwards wa Angelezi. Zida zambili za Ajelemani anaziponya m'nyanja yaing'ono ya Chila, imene ili m'mbali mwa tauni. Tinakhala m'mphepete mwake madzulo, ana akusambila ndipo azibambo akuwedza, pamwamba pa mfuti zimene zakhala m'matope zaka zoposa 100. Ku Moto Moto Museum, imene inayamba na zinthu zimene wansembe wa Katolika Jean-Jacques Corbeil anasonkhanitsa, mungaone zotsala za nkhondoyo pamodzi na zipangizo za anthu a kumpoto. Mu November 2018 tauniyi inalandila alendo a m'maiko osiyanasiyana pokumbukila kuti papita zaka 100.

Cimene cinatiimika nthawi yaitali ni cikumbutso ca amtengatenga. Cimakumbutsa amuna a Northern Rhodesia pafupifupi 1,500 amene anafa akunyamula katundu wa asilikali a Britain. Pali nambala, koma palibe dzina la munthu olo mmodzi. Simungadziwe kuti anacokela mudzi uti, mfumu yawo inali ndani, kapena anagwela pati. Ndipo nambala imeneyo ni ya okhawo amene boma linawelenga. Siiphatikiza amene anafela panjila pobwelela kwawo, amayi na ana amene anafa na njala cifukwa amuna olima na kudula mitengo ya citemene anali atatengedwa, kapena amene anaphedwa na mlili wa fuluwenza umene unafika kumapeto kwa 1918 n'kufalikila m'njila zimene amtengatenga anali kuyendamo.

Kusowa kwa maina kumeneku sikunacitike mwangozi. Mu April 2021 bungwe la Commonwealth War Graves Commission, limene limasamalila manda a asilikali a Britain, linavomeleza kuti anthu osacepela 116,000, mwinanso mpaka 350,000, ambili a iwo a mu Africa, sanakumbukilidwe na maina awo kapena sanakumbukilidwe n'komwe, ndipo linati tsankho linali pakati pa zifukwa zake. Msilikali wacizungu anali kupatsidwa manda akeake na mwala wolembedwa dzina. Kwa anthu akuda, akuluakulu a nthawiyo anaona kuti cipilala cimodzi n'cokwanila.

Anthu a kumpoto sanaiwale msanga zimene zinawacitikila. Nkhondo itangotha, m'dela la Fife munafalikila kwambili gulu la Watch Tower lotsogoleledwa na Hanoc Sindano, limene linali kuuza anthu kuti aleke kumvela mafumu na boma. Anthu anali ataona na maso awo azungu akuthawa mu Kasama, komanso anali kudziwa amene anapeleka ana awo kwa amesinjala. Boma linamanga ambili a iwo mu 1919.

Tsiku lothela tinatsika phili kupita ku Mpulungu, makilomita pafupifupi 40 kucoka ku Mbala. Pa makona ena nyanja ya Tanganyika imaonekela mwadzidzidzi pansi panu, yobiliwila mpaka kumene maso athela. Pa doko limeneli, kwa zaka zambili, panali kukoceza sitima ya pamadzi ya Liemba yocokela ku Kigoma. Inapangidwa ku Germany mu 1913, dzina lake linali Graf von Goetzen, ndipo pa nkhondo inanyamula mfuti na asilikali. Ajelemani anaimiza dala mu 1916 kuti isagwidwe, Angelezi anaivuula, ndipo mu 1927 inayambanso kuyenda, tsopano itanyamula amalonda na matumba a kapenta. Tinadya nsomba ya buka yowocha tikuyang'ana madziwo, ndiyeno tinayamba ulendo wobwelela.

Ngati mufuna kuyenda ulendowu, nthawi yabwino ni kuyambila May mpaka October, mvula isanayambe. Sonkhanani anayi kuti mugawane ndalama za mafuta, pewani kuyenda usiku, ndipo musalole thanki kutsika kwambili pakati pa matauni. Koma musananyamuke, khalani pansi na ambuye anu kapena wamkulu aliyense wa m'banja, muwafunse ngati anamvapo za wacibale amene anatengedwa kukanyamula katundu pa nkhondo ya Ajelemani. Amene anaona nkhondoyo onse anapita, ndipo amene anamva kwa iwo akucepa caka na caka. Akachula dzina, lilembeni, pamodzi na mudzi na mfumu yake. Pa cikumbutso ca ku Mbala simukalipeza.