Nkhondo ya Ciwaya: M'mene Ajeremani Analowera m'Dziko la Apwitikizi

Makolo a ku mapiri a Dedza ndi a m'madera ena anaicha nkhondo ya 1914 kufikira 1918 dzina lakuti Ciwaya, cifukwa mfuti zace zinali kuthetheka monga cimanga cokazinga. Ajeremani anayamba alowa m'dziko lino pa Karonga pa 9 September 1914, koma asilikari a K.A.R. anawabweza tsiku lomwelo. Ulendo wao waukuru unadza zitapita zaka zitatu.

Mtsogoleri wao, Paul von Lettow-Vorbeck, anadziwa kuti sangathe kugonjetsa Angerezi, pakuti zombo zao zinatseka nyanja yamcere, ndipo thandizo locokera kwao linali locepa ndithu. Tsono nzeru yace inali iyi: asagwidwe, koma adani ambiri azimtsata m'chire, kuti asapite kukamenya nkhondo ku Ulaya. Caka ca 1917 ciri pafupi kutha, zipolopolo ndi mankhwala a malungo zinamcepera. Pamenepo anasiya odwala ndi olasidwa, nasankha olimba okha okha: Azungu monga 300, asilikari acikuda monga 1,700, ndi onyamula akatundu monga 3,000.

Pa 25 November 1917 anaoloka Rovuma pa Ngomano, pamene mtsinjewo ukomana ndi Lugenda. Anadzidzimutsa linga la Apwitikizi, nalanda mfuti ndi zipolopolo zambiri, kotero kuti mdani ndiye anasanduka nkhokwe yace. Mvula itayamba anagawa anthu ace m'magulu, kuti gulu liri lonse lidzifunire cakudya m'cigwa ca Lugenda. Cakudya cimeneco cinali ca eni midzi. Kumene nkhondo inapita, nkhokwe zinatsala zopanda kanthu, ndipo njala inalowa.

Angerezi anafuna kumpanikiza mbali ziwiri. Ena anacokera ku Fort Johnston, kumene lero kuchedwa Mangochi, ena anatsika m'zombo pa Porto Amelia. Koma iye anapulumukira cakumwera, ndipo mu July 1918 anathyola linga la Namacurra pafupi ndi Quelimane, natenganso zida ndi zakudya. Pobwerera kumpoto anakomana ndi asilikari a K.A.R. pa Lioma pa 30 ndi 31 August, ambiri a iwo ana a dziko lino. Apo anataya anthu ndi akatundu ambiri, napulumuka mobvutika.

Pa 28 September anaolokanso Rovuma, nazungulira kumpoto kwa nyanja, nalowa m'dziko limene lero lichedwa Zambia. Atalanda Kasama mu November, anamva kuti nkhondo yatha ku Ulaya. Anatula zida pa Abercorn, ndiko ku Mbala, pa 25 November 1918, citakwana caka cathunthu ciolokere Rovuma. Anatsala ndi Azungu 155 ndi asilikari opitirira pang'ono 1,100.

M'chire limenelo miseu inali yosowa, ndipo kashembe anali kupha ng'ombe ndi aburu. Cifukwa cace ufa ndi zipolopolo za omtsatawo zinayenda pamitu pa anthu. Amuna monga 200,000 a dziko lino anagwira nchito ya tengatenga, ndi asilikari monga 19,000. Boma linalamula mafumu kupereka anthu, ndipo midzi ya ku Dedza ndi ku Ncheu inapereka ace. Minda inatsalira akazi ndi okalamba. Ambiri anafera m'njira ndi kamwazi, cibayo ndi njala, ndipo obwerera anapeza mliri wa fuluwenza wa 1918 uli kusesa midzi.

Lettow-Vorbeck sanagwidwe, monga anafunira, koma dziko lace linagonjabe ku Ulaya. Pa nsanja ya cikumbutso ku Zomba palembedwa maina a asilikari amene anafa. Maina a amtengatenga ambiri anasungidwa ndi abale ao okha m'midzi.